Kupatsa n'Kuika: Mbiri ya Chithandizo Chimene Chidafika Kumadzulo kwa Lilongwe

Munthu akachoka mu mzinda wa Lilongwe kuloŵera ku Mchinji, napitirira pa Chitedze, pa Mpingu ndi pa Msundwe mpaka kufika pa Namitete, kapena akapatukira kumpoto kunka ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma, amaona zinthu zimene tidazizoloŵera kotero kuti sitifunsanso kumene zidachokera. Amaona miseu ya fumbi yodutsa pakati pa minda, migula yakale imene ikuonekabe m'minda ina, mashedi a ADMARC, nyumba za alangizi za malata adzimbiri, ndiponso mijigo, ina yotulukabe madzi, ina idafa kalekale. Ambiri a ife tidabadwa zonsezi zilipo. Agogo athu okha ndiwo amakumbukira zaka zimene akatapila adafika m'midzi, anthu oyeza malo ali patsogolo ndi zingwe zao.

Mwezi uno tati tikumbutsane mbiri ya zinthu zimenezi: adapereka ndalama zake ndani, adaperekeranji kwa ife, ndipo chidachitika n'chiyani pamene chifukwa chao chidatha. Makolo athu adati kupatsa n'kuika. Mwambi umenewu sunyoza wopatsa. Ungotikumbutsa kuti wokupatsa lero ali ndi chimene akuyembekeza maŵa. Maiko naonso amapatsa motero, ndipo wolandira amene sadziŵa chimene mnzake waika amadzadabwa tsiku lodzatenga.

Dziko losauka lisankha abwenzi

Pamene Malaŵi adalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye 1964, anali limodzi mwa maiko osaukitsitsa mu Africa. Analibe migodi, analibe doko la pa nyanja yamchere. Misonkho ya m'dziko muno sinkakwanira kuyendetsa boma, kotero chaka ndi chaka Britain ndiye ankathirapo ndalama zokwaniritsira bajeti. Katundu wathu ankatulukira ku Beira, m'dziko la Mozambique limene linali m'manja mwa Apwitikizi. Amuna athu ambirimbiri ankagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku migodi ya ku South Africa, maiko olamulidwa ndi Azungu oŵerengeka.

Nthaŵi yomweyo dziko lonse lapansi linali logaŵikana paŵiri. Mbali ina kunali America ndi anzake a ku Ulaya wa kumadzulo, mbali ina Soviet Union ndi China, maiko a chikomyunizimu. Mbali iliyonse inkafuna kukokera kwao maiko atsopano a mu Africa, ndipo chingwe chokokera chinali chithandizo.

Nkhani yosankha abwenziyi idafika pa ife msanga. Patangopita miyezi iŵiri chilandirireni ufulu, nduna zingapo, monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere, zidasemphana ndi Dr. H. Kamuzu Banda. Zifukwa zinali zambiri: tiki yolipira ku chipatala, kuchedwa kupereka maudindo kwa Amalaŵi, ndi kalamulidwe ka Dr. Banda mwini wake. Koma china chachikulu chinali cha abwenzi akunja. Ndunazo sizidakondwe ndi ubwenzi wake ndi Apwitikizi, ndipo zinkafuna kuti Malaŵi avomereze boma la ku Beijing. Dr. Banda adauza aphungu ku Zomba kuti kazembe wa China ku Dar es Salaam adalonjeza ndalama zochuluka ngati Malaŵi atachita zimenezo, ndipo kuti iye adakana. Ndunazo zidachotsedwa, zina zidatula pansi udindo, ndipo zambiri zidathaŵira kunja.

Kuyambira pamenepo njira idadziŵika. Mu 1966 Malaŵi adamanga ubale ndi Taiwan, mdani wa boma la ku Beijing, ndipo Taiwan adatumiza akatswiri odzaphunzitsa ulimi wa mpunga wothirira. Mu 1971, pamene maiko a m'bungwe la United Nations adavota kuti mpando wa China uperekedwe ku Beijing, Malaŵi anali mmodzi mwa okana. Taiwan ankafuna mavoti a maiko ang'onoang'ono, ife tinkafuna alangizi ndi ndalama. Aliyense adapeza chake.

Likulu la ndalama za ku Pretoria

Dr. Banda adafuna kusamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ponena kuti chitukuko chonse chidaunjikana Kummwera pamene Pakati ndi Kumpoto kunali kotsalira. Britain adakana kuperekapo ndalama, poona kuti dziko losauka chotere lili ndi zosoŵa zina zofulumira. Apo Dr. Banda adayang'ana kummwera. Mu 1967 Malaŵi adasaina pangano la malonda ndi South Africa, nakhala dziko lokhalo la anthu akuda mu Africa lotumizirana akazembe ndi boma la tsankho la ku Pretoria. Chaka chotsatira, 1968, South Africa adakongoza Malaŵi marandi 8 miliyoni oyambira kumanga likulu, ndipo bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa kuti liyendetse ntchitoyo. Midzi imene inali pa malo a likulu idasamutsidwa. Mu Januwale 1975 Lilongwe adakhala likulu la Malaŵi.

Ndalama zina, marandi 11 miliyoni, zidamanga njanji yochokera pa Nkaya kukafika pa Nayuchi, yolumikiza Malaŵi ndi doko la Nacala, imene idatsegulidwa mu 1970. Zaka zomwezo anzathu a ku Zambia ndi a ku Tanzania, atakanidwa ndi maiko a kumadzulo, adalandira njanji yao ya TAZARA kuchokera kwa China. Njanji ziŵirizi zikutionetsa bwino mmene Africa adagaŵikirana: aliyense adayala zitsulo za bwenzi lake.

Nanga South Africa ankaikanji? Galu wamkota sakandira pachabe. Boma la tsankho linali losalidwa ndi maiko ambiri, ndipo linkafunitsitsa mtsogoleri wakuda mmodzi woti aziligwira chanza poyera. Lidampeza. Nduna yaikulu John Vorster adadzacheza ku Malaŵi mu Meyi 1970, ndipo Dr. Banda adakabweza ulendowo mu Ogasiti 1971. Zithunzi za maulendo aŵa zinali za mtengo wapatali ku Pretoria kuposa marandi aja. Kuwonjezera apo, ndalama zambiri za ngongolezo zidabwereranso kwao kudzera mwa makampani ndi katundu wa ku South Africa. Ndipo migodi yao inkadalira amuna athu. Pofika mu 1974 Amalaŵi opitirira 100,000 anali ku migodi kudzera ku Wenela. M'mwezi wa Epulo chaka chimenecho ndege ya Wenela idagwa ku Francistown nkupha Amalaŵi 74 obwerera kwao. Dr. Banda adaimitsa kulemba anthu, koma mu 1977 ntchitoyo idayambanso, ngakhale anthu ake anali ochepa kusiyana ndi kale.

Tisamweruze Dr. Banda mofulumira. Iye ankati dziko lopanda doko, lozingidwa ndi amphamvu, silingadye mau a pa misonkhano, ndipo kuti ntchito yake inali kusamala Amalaŵi. M'menemo munali choona. Koma walira mvula walira matope. Anzathu a ku Zambia, ku Tanzania ndi ku Mozambique adatiyang'ana ndi diso lokayika kwa zaka zambiri. Ndipo m'zaka za m'ma 1980, asilikali a RENAMO, amene ankathandizidwa ndi South Africa yemweyo, adaononga njanji za ku Beira ndi ku Nacala, kotero kuti feteleza ndi mafuta athu zidayamba kuzungulira njira yaitali ya pa mseu. Dzanja limene lidatimangira njira ya ku Nacala ndi lomwenso lidathandiza kuitseka, ndipo mtengo wake adaulipira mlimi pogula thumba la feteleza.

Ntchito yaikulu ya minda

Pamene likulu linkamangidwa, ntchito ina yaikulu inkachitika m'midzi mwathu momwemuno. Mu 1968 Banki ya Dziko Lonse, ija timati World Bank, idakongoza Malaŵi madola 6 miliyoni oyambira ntchito yotchedwa Lilongwe Land Development Programme. Ngongole zina zidatsatira mu 1971 ndi mu 1975. Zinali ngongole zofeŵa, zopanda chiwongoladzanja, zobweza pa zaka 50. Ntchitoyo idakula mpaka kufika pa maekala opitirira 1 miliyoni, okhalamo mabanja pafupifupi 100,000, m'chigwa cha chonde cha kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe. Inali imodzi mwa ntchito zinayi zazikulu za mtundu umenewu. Zina zinali ku Chigwa cha Shire ndi ku Karonga, nazonso za banki yomweyi, ndi ku Salima, kumene ndalama zidachokera ku Germany wa kumadzulo.

Dera lonse lidagaŵidwa m'mayuniti, yuniti iliyonse ndi msika wake, nyumba za alangizi ndi malo osungira zipangizo. Adalambula miseu, adakumba mijigo, adaunda migula ndi ngalande zoteteza nthaka. Alimi adayamba kulandira mbeu ndi feteleza pa ngongole, ndipo kuyambira mu 1973 ngongolezo zidayamba kuperekedwa kudzera m'magulu, amene pambuyo pake adasanduka makalabu aja tikuŵadziŵa. Ku Dzalanyama adatsegula malo oŵetera ng'ombe zoti alimi azitenga nkukazinenepetsa m'khola. Pansi pa malamulo a malo a mu 1967, minda ya mabanja idayezedwa nkulembedwa m'kaundula wa boma, malo aja timati ndunda. Alendo ochokera ku maiko ambiri ankabwera kudzaona, pakuti Lilongwe idatchuka ngati chitsanzo cha chitukuko cha kumidzi mu Africa. Pamene Robert McNamara, mkulu wa bankiyo, adalengeza ku Nairobi mu 1973 kuti banki yake idzaika mtima pa alimi ang'onoang'ono, ntchito ya kuno inali itayenda kale zaka zisanu.

Kodi zimenezi zidalinso za ndale? Tiyankhe mosamala. Akuluakulu a bankiyo ankati amakongoza poona nthaka yabwino, alimi akhama ndi boma lodziŵa kusunga mabuku, ndipo zonsezi zinalipodi. Tanzania wa Julius Nyerere, amene adatsata njira yosiyana ndi yathu, nayenso adalandira ngongole zambiri za banki yomweyi. Komabe m'banki imeneyi mavoti amatsata kukula kwa ndalama zimene dziko lidaikamo, ndipo America ndiye wamkulu. McNamara mwini wake, asanafike ku bankiko, anali nduna ya za chitetezo ya America pa nthaŵi ya nkhondo ya ku Vietnam, ndipo ankakhulupirira kuti umphaŵi wa kumidzi ndiwo umabala zipoloŵe. Kwa anthu oganiza chotero, dziko la bata lokana chikomyunizimu, lokhala pafupi ndi nkhondo za ufulu za ku Mozambique ndi ku Rhodesia, linali loyenera kulisamala. Njanji yochokera ku Salima, imene idafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980 ndi ndalama za Canada, idabweranso m'nyengo yomweyi ya kukondedwa.

Chimene mlimi adapeza

Tisakane zabwino. Mjigo udachepetsa ulendo wa amayi wa ku dambo ndiponso matenda a m'mimba. Mseu udalola ngolo kufika ku msika ndi wodwala kufika ku chipatala. Mabanja ena adamanga nyumba za malata ndi kuphunzitsa ana ndi ndalama za mtedza wa Chalimbana ndi za fodya. Agogo athu akamati masiku amenewo kunali dongosolo, sakunama.

Koma zimene olemba mapulani adalonjeza sizidakwaniritsidwe zonse, ndipo bankiyo idavomera yokha pambuyo pake kuti zokolola za chimanga sizidakwere monga idayembekezera. Chifukwa chimodzi amachidziŵa mayi aliyense wa mtondo ndi munsi. Chimanga cha haibulidi cha masiku amenewo chinali chofeŵa. Pokonola chinkaphwanyika nkutuluka gaga wambiri, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe ankachimaliza msanga. Choncho mabanja ankalima pang'ono chogulitsa, koma cha nsima nkumalima cha makolo. Akatswiri ena ankayesa kuti alimi ngosamva, chonsecho alimiwo anali ataŵerengera bwino. Zidatenga mpaka 1990 kuti akatswiri a pa Chitedze, pakhomo pathu pomwepa, atulutse mbeu za MH17 ndi MH18 zolimba bwino mu mtondo. Akadafunsa amayi mu 1968, zaka makumi aŵiri sizikadatayika.

Pa nkhani ya malo napo panali zofanana. Kuno kwathu kwa Acheŵa munda umatsata mbumba, ndipo mwamuna amadzakhala pa chikamwini. Koma alangizi ndi opereka ngongole ankalankhula makamaka ndi amuna, ndipo kaundula wa ndunda ankafuna dzina limodzi loimira banja lonse. Pepala ndi mwambo sizidamvane msanga, ndipo mikangano ina ya malo imene mafumu akuweruza lero idaphukira pamenepo.

Chachikulu koposa chinali mtengo wa zokolola. Mu 1971 bungwe la ADMARC lidaloŵa m'malo mwa Farmers Marketing Board, ndipo mlimi wamng'ono analibe kwina kogulitsa fodya, thonje ndi mtedza wake. ADMARC inkagula pa mtengo wotsika nkukagulitsa kunja pa mtengo wokwera, ndipo phindu lalikulu lidapita kukakuza maesiteti ndi makampani, ena a iwo a akuluakulu a boma ndi a chipani. Lamulo lidaletsa mlimi wa pa malo a makolo kulima fodya wa bale, amene anali wa ndalama zambiri. Ameneyo anali wa maesiteti okha, kumene ana a alimi omwewo ankapita kukakhala matenanti. Kotero dzanja lina linkathira ndalama m'midzi kudzera m'ngongole za kunja, dzanja lina nkumazitulutsa pa sikelo ya pa msika. Opereka chithandizo adaziona zimenezi, koma sadakweze mau mpaka m'zaka za m'ma 1980.

Pamene opatsa adakhala chete

Panalinso zina zimene sadafune kuona. Mu 1966 Malaŵi adakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr. Banda adakhala Pulezidenti wa moyo wake wonse. Anthu ankatsekeredwa popanda kuweruzidwa ku Dzeleka ndi ku Mikuyu. A Mboni za Yehova adaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwi zambiri za iwo zidathaŵira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia. Mu Meyi 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adaphedwa ku Mwanza. Khadi ya chipani inkafunsidwa pa msika womwe uja udamangidwa ndi ndalama za chitukuko. M'zaka zonsezi chithandizo chidapitirira kufika, ndipo mu Malichi 1989 Margaret Thatcher, nduna yaikulu ya Britain, adadzacheza kuno ngati bwenzi.

Pamene opatsa adayamba kulamula, adayambira pa ndalama osati pa anthu. Ntchito ya mtundu wa Lilongwe idaoneka yodula kwambiri kuti ifalikire dziko lonse, kotero mu 1978 idaloŵetsedwa m'ndondomeko ina ya chitukuko cha kumidzi yopereka zochepa ku madera ambiri. Chuma chitagwedezeka, Malaŵi adatenga mu 1981 ngongole yoyamba yokonzanso chuma, yobwera ndi malamulo ake. Boma lidauzidwa kuchepetsa ndalama zotsitsira mtengo wa feteleza, ndipo mu 1987 amalonda wamba adaloledwa kugula mbeu kwa alimi, ADMARC nitseka ina mwa misika yake ya kumidzi. Banki yomwe idaphunzitsa mlimi wa ku Nsaru kudalira feteleza ndi msika wa boma ndiyo idabwera kudzanena kuti zimenezo n'zolakwika. Mlimi sadafunsidwe poyamba, sadafunsidwenso posintha.

Mphepo itembenuka

Mu Novembala 1989 khoma la ku Berlin lidagwa. Mu Febuluwale 1990 Nelson Mandela adatuluka m'ndende. Mu 1991 Soviet Union idatha. M'zaka ziŵiri zokha, zifukwa zonse zimene zidachititsa Dr. Banda kukhala wofunika kwa abwenzi ake zidasungunuka. Panalibenso chikomyunizimu choti atchinge, ndipo Pretoria sankasoŵanso wogwirana naye chanza.

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Aepiskopi athu idaŵerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno, m'Chicheŵa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Idanena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za mitengo yochepa imene alimi ankalandira, ndi za mantha amene adatseka anthu pakamwa. Boma lidati kalatayo njoukira, Aepiskopi adafunsidwa ndi apolisi, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adapirikitsidwa m'dziko. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana adamangidwa pa bwalo la ndege atangotsika. Kumayambiriro kwa Meyi antchito a ku Blantyre adanyanyala ntchito ndipo anthu ambiri adaomberedwa. Masiku oŵerengeka pambuyo pake, opereka chithandizo adakumana ku Paris naimitsa chithandizo chatsopano, kupatula cha njala ndi cha othaŵa nkhondo a ku Mozambique, amene anali pafupifupi 1 miliyoni. Adati sadzayambanso mpaka boma litalemekeza ufulu wa anthu.

Tiyamike kuti adatero, pakuti zidafulumiza chisankho cha pa 14 Juni 1993, pamene anthu 63 mwa 100 alionse adavotera nyali, ndiye kuti zipani zambiri. Koma tifunsenso: ndende za mu 1992 zinali zomwe zija za mu 1972. Chidasintha si khalidwe la boma lathu, koma zosoŵa za abwenzi ake. Ndipo tisaiŵale kuti Amalaŵi ndiwo adayamba kulankhula, ena nkutayapo moyo. Opatsa adadza pambuyo.

Kuno kwathu ku Chigawo cha Pakati anthu ambiri adavotera tambala wakuda. Ena amatinena nazo mpaka lero. Koma anthu amene adaona mjigo, mseu ndi likulu zikufika m'dera lao adali ndi chifukwa choyamikira, ndipo adauzidwa kwa zaka zambiri kuti zonsezo ndi mphatso za munthu mmodzi. Ndi oŵerengeka amene adadziŵa kuti zambiri zinali ngongole, zolembedwa m'dzina la ana ao. Mbali yaikulu ya ngongole zakunja za Malaŵi idadzakhululukidwa mu 2006, patapita zaka zambiri ndalama zoyenera kugula mankhwala ndi mabuku zikupita kukabweza. Makalabu aja naonso, amene kale ankabweza ngongole pafupifupi yonse, adagwa m'chilala cha 1992 ndi m'phokoso la ndale la zaka zotsatira.

Opatsa atsopano, mwambi womwewo

Wina angaganize kuti zimenezi zidatha ndi ulamuliro wa chipani chimodzi. Ayi. Kumapeto kwa 2007 boma la Bingu wa Mutharika lidasiya Taiwan, bwenzi la zaka 41, nkumanga ubale ndi Beijing. Madokotala a Taiwan adachoka pa chipatala chachikulu cha Mzuzu chimene dziko lao lidamanga. China adamanga Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, yotsegulidwa mu 2010, ndi mseu wa Karonga mpaka Chitipa. Chimene Dr. Banda adakana mu 1964 chidalandiridwa patapita zaka 43, ndipo mtengo wake unali womwewo: kuvomereza kuti China ndi mmodzi.

Mu Epulo 2011 boma lidapirikitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, chifukwa cha kalata yake yodzudzula Pulezidenti, ndipo Britain adaimitsa ndalama zothandizira bajeti. Anthu ataphedwa pa zionetsero za pa 20 Julaye chaka chomwecho, America adaimitsa kwa kanthaŵi madola 350 miliyoni a ntchito ya magetsi. Mu 2013 kuba kwa ndalama za boma ku Capital Hill kutaululika, opatsa adaimitsanso. Apa cholakwa chinali chathu, ndipo sitingachikankhire kwa alendo.

Koma za mu 2025 zidatiphunzitsa china. Boma latsopano ku America lidaimitsa chithandizo chake pa dziko lonse, nkutseka bungwe la USAID. Malaŵi sadalakwe kanthu. Mavoti a anthu a ku America ndiwo adasintha. Ntchito zambiri za umoyo ndi za maphunziro zidagwedezeka. Pangano lina la madola 350 miliyoni losainidwa mu 2022, limene mwa zina lidayenera kukonza mseu wochokera pa Chileka kuloŵera cha ku Likuni m'dera lathu lino, lidaima. Alimi amene ankayembekeza kuti soya ndi mtedza wao udzatuluka mosavuta m'dzinja adatsala ndi matope ao.

Tiphunzirepo chiyani?

Sitikunena kuti tikane chithandizo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo anthu ambiri ali moyo lero chifukwa cha mankhwala ndi chakudya chochokera kunja. Sitikunenanso kuti aliyense wobwera kudzathandiza ali ndi chiŵembu. Alangizi, anamwino ndi akatswiri ambiri, akuda ndi oyera, adagwira ntchito m'midzi muno ndi mtima woona. Chimene mbiri ikutiuza n'chakuti boma la dziko lamphamvu limayankha kwa anthu ake, osati kwa ife. Limapatsa pamene kupatsako kukugwirizana ndi zofuna zake, limakhala chete pa zoipa za bwenzi lofunika, ndipo limachoka pamene zofunazo zasintha. Kudziŵa zimenezi sikulepheretsa kuthokoza.

Mbiri yomweyi ikutiuzanso kuti zolakwa zazikulu zidachitika pamene mwini munda sadafunsidwe. Chimanga chosakonoleka, kaundula wosadziŵa mbumba, mtengo woikidwa ku ofesi: zonsezi mlimi akadaziona tsiku loyamba. M'masiku a chipani chimodzi kufunsa kunali koopsa. Lero sikoopsa, ndipo tikapanda kufunsa, mlandu ngwathu. Safunsa adadya phula.

Tsono galimoto yolembedwa dzina la bungwe ikadzaima pa bwalo la mfumu, tiilandire ndi ulemu monga mwa mwambo wathu, kenaka tifunse. Ndalamazi zachokera kwa yani? Ndi mphatso kapena ngongole, ndipo ngati ndi ngongole adzabweza ndani? Wopatsayu akufuna chiyani kwa boma lathu? Ntchitoyi idzatha liti, ndipo eni ake akapita adzakonza ndani chikaonongeka? Mafunso omwewa tiŵafunse makhansala ndi aphungu athu, pakuti iwo ndiwo amavomereza ngongole m'dzina lathu, ndipo ana athu ndiwo adzazipeze.

Pomaliza tiyang'ane mijigo ya m'midzi mwathu. Imene ikutulukabe madzi si ya wopatsa wolemera koposa, koma ya mudzi umene uli ndi komiti yosonkhetsa ndalama mwezi ndi mwezi, ndi mnyamata kapena mayi wodziŵa kusintha mphira ndi mapaipi. Mjigo wotere udasiya kalekale kukhala wa banki kapena wa boma. Chimodzimodzi nkhokwe ya banja, banki ya m'mudzi, ndi mbeu yosungidwa bwino pa tsindwi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pa chala ngwa mphepo. Mvula isanagwe chaka chino, kungakhale bwino mudzi uliwonse utakhala pansi nkuŵerenga zimene ungathe kuzisamala wokha ngati galimoto ija itapanda kubweranso.